Tsitsani Miyala Padengapo

Kempton Park, Joni
10 Seputembala 2023

Amake Becky,

Ndiyambe ndi moyo. Muli bwanji inu ndi mwana wathu kumeneko ku Kaunda Square? Mwendo wanu uja waleka kutupa? Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa ka fumbi la simenti kamene sikafuna kundisiya. Kalatayi ndapatsira Given, dalaivala wa basi ya ku Lusaka, pamodzi ndi mabulangete awiri. Musadabwe kuti ndabwerera ku pepala ngati munthu wa makedzana. Foni yanga inabedwa m'sitima, ndipo ngakhale ikanakhalapo, ndikudziwa kuti mawu anga a pafoni mumawatsegula pakhonde, anthu a mzere wonse n'kumamvera ngati wailesi.

Nkhani ya ukwati wa Becky yandisangalatsa. Mnyamata wogwira ntchito kubanki, mwana wa a Reuben a ku Woodlands, si nkhani yolandira uli khale. Ndinavina ndekha. Koma chimwemwe changa chinathera pa chithunzi chimene Given wandionetsa pafoni yake. Mwaima bwino inu ndi mwana pakhomo, chitenje chatsopano, mano onse pamtunda. Ndiye ndikweze maso pamwamba pa mitu yanu, ndikuona chiyani? Mabuloko, matayala, chimwala china ngati chochapirapo zovala, ndi chitofu chakufa chija ndinati mutaye chaka chimene ndinachoka. Kodi ndinakusiyirani nyumba kapena dzala?

Mwini nzeru zimenezi ndikumudziwa. Ndi Mwango wa kuseri kwa mpanda. Munthu amene umisiri wake wonse ndi woti anandinyamulirako matope pomanga nyumbayo, lero wasanduka injiniya wa denga langa.

Mvula yoyamba ili pafupi, ndipo mukuidziwa kuti imabwera ndi chimphepo chopanda ulemu. Konzekerani ngati anthu. Ngalande ya kumaso ifukulidwe, muchotse mapulasitiki onse amene anzanu a mzerewo amatayamo ngati kwawo kulibe dzenje. Nthambi ya mtengo wa mapeyala imene yaweramira kuchipinda kwathu idulidwe. Mapepala a nyumba, makhadi a kuchipatala ndi satifiketi ya Becky muziike m'chidebe cha chivindikiro. Waya uja woyanikapo zovala ndi wabwino, sachita dzimbiri, musalole Mwango aubwereke. Koma miyala itsike. Denga limenelo ndinakhoma ndine, munthu amene kuno ndimakhoma madenga a matailosi a anthu olemera, ndipo silifuna kuthandizidwa ndi chitofu.

Ndine mwamuna wanu,
Bwezani


Kempton Park, Joni
1 Okutobala 2023

Amake Becky,

Ndathokoza kumva kuti muli bwino ndiponso kuti mabulangete anafika. Ine ndadzuka, chifuwa ndi chomwecho.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachitatu ndinawerengera anzanga kuti nawonso asekeko. Mwalemba kuti mphepo ikaomba denga limapuma, limakwera n'kutsika ngati chifuwa cha munthu wogona, ndipo linaleka kutero pamene Mwango anaikapo mabuloko. Amake Becky, malata alibe mapapo. Chimene chimapuma m'nyumbamo ndi mantha anu. Mwandiponyeranso mwambi woti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Khomo lilipo, ndi lomwe mumatulukira pokandinena kwa Mwango.

Za mng'ono wanu Virginia ndiye zandimaliza. Akuti anabwera ndi botolo la madzi odzozedwa a kutchalitchi kwawo, anakwera pa mpando n'kuwaza malata anga uku akudzudzula mphepo m'malilime. Ngati madzi a m'botolo amagwira denga, bwanji tenti ya tchalitchi chawocho inauluka chaka chatha mpaka kukakola pa mtengo wa magetsi njira ya ku Chelstone? Ife a Reformed timapemphera ndithu, koma tikati ameni timatenga hamala. Pakati pa Mwango ndi miyala yake ndi Virginia ndi botolo lake, sindikudziwa amene ndimuseke poyamba.

Ndatumiza paketi ya misomali ya chipewa, yeniyeni, osati yopindika ya pamsika wathu. Mupeze munthu wa manja awiri akhome pamene pali pogwedera. Akamakwera ndi misomali, azitsika ndi buloko.

Kuno Lachinayi kunagwa matalala akuluakulu, phokoso lake pa malata loti munthu sungamve ngakhale chifuwa chako. Ndikunena malata a kuntchito. Za adiresi yanga musavutike nazo, zonse muzipatsira Given, chifukwa kumene ndikukhala makalata safika bwino.

Mundiperekere moni kwa Becky. Aleke kuvala timathalauza tong'ambika m'mawondo, akulowa m'banja la anthu.

Bwezani


Kempton Park, Joni
15 Okutobala 2023

Amake Becky,

Moni wa kuno. Ndikhulupirira muli moyo, ngakhale makutu anu akuoneka kuti akudwala.

Mwandiuza kuti a kuchimuna aika tsiku: Loweruka pa 18 Novembala abwera ndi ankhoswe awo ndi timbale tawo tovindikira ta mwambo wa chifunsiro kudzapempha mwana. Mwandiuzanso, m'mzere wotsatira ngati kanthu kakang'ono, kuti misomali yakhomedwa koma miyala ikadali pomwepo. Ngalande mwafukula, nthambi mwadula, mapepala ali m'chidebe. Zonse zimene ndinanena mwachita kupatula chimodzi chimene ndinanenetsa.

Given wandipatsiranso uthenga wa Mwango. Akuti anamuimitsa pa siteshoni, m'kati mwa anthu, n'kunena kuti, "Mukabauze ba Bwezani ati mphepo siiziba Kempton Park. Beve baziba vamene tinasiya pa nyumba paja." Tinasiya chiyani? Anene, pakamwa ndi pake. Munthu wazaka makumi asanu amene akugonabe m'nyumba ya malemu bambo ake, wosamangapo ngakhale khola la nkhunda, azinditumizira mauthenga odutsa malire awiri? Mumuuze kuti akafuna kusanja miyala akasanje pamanda a kwawo.

Inu a Reuben simuwadziwa, ine mtundu wawo ndimaudziwa. Ndisanabwere kuno ndinapakapo pulasitala mpanda wina ku Woodlands komweko, masabata atatu. Nditapempha madzi, mayi wa pakhomopo anauza wantchito kuti andipatsire m'chitini cha jamu, makapu ali mbwee pawindo. Anthu amenewo salankhula zambiri. Amatsika m'galimoto, amayang'ana nsapato zako, amayang'ana denga lako, basi mlandu watha. Adzamwa tiyi wanu, adzaseka nanu, ndipo pobwerera asanafike n'komwe pa mphambano ya ku Munali adzakhala akufunsana ngati mwana wawo akukwatira kwa anthu kapena kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Becky adzakhala moyo wake wonse m'banja limenelo ali mtsikana wa kunyumba ya chitofu padenga. Inu zimenezi simukuziona chifukwa mumayang'ana denga kuchokera m'kati.

Ndiye ndinene mosapsatira. Miyala ikapanda kutsika, mawu anga pa ukwati umenewu palibe. Mudzauze a kuchimuna kuti bambo wa mwana ndi Mwango, timbale tawoto akatule kwa iyeyo.

Kuntchito zinthu zasintha pang'ono, bwana akutitenga masiku atatu pa sabata. Si nkhani, zidzabwerera.

Bwezani


Kempton Park, Joni
5 Novembala 2023

Amake Becky okondedwa,

Lero ndiye ndikulemba ngati munthu. Muli bwanji? Ine ngakhale chifuwa chachita manyazi, chaleka.

Given wandionetsa chithunzi chatsopano. Imeneyo ndiye nyumba. Denga lofiira, looneka bwino, lopanda kanthu pamwamba ngati mutu wa mwana wometedwa kumene. Amene anapaka penti uja dzanja lake ndi lolemera, wadonthezera pakhoma, koma ndamukhululukira. Ndinaonetsa anzanga onse kuntchito, wina wa ku Zimbabwe anafunsa ngati ndi ku Kabulonga kwa anthu olemera. Mwaona kumvera kukoma kwake?

Kalata yanu inali ya mizere inayi. Mwati mwatsitsa chifukwa cha Becky, amene analira masiku awiri, osati chifukwa cha ine. Zilibe kanthu, buloko silifunsa chifukwa chimene latsikira. Mwatinso Mwango anakana kuthandiza kutsitsa, anangoima pampanda manja ali kumbuyo, kenako anapempha kuti mabulokowo muwaunjike pafupi, musawataye. Asungeni ngati akufuna, adzakhalepo akamaotha dzuwa.

Tsono pa 18 sinditha kufika. Pali kanthu kena ka pa pasipoti kamene ndikatuluka nako pachipata, kubwerera kuno kungavute. Musafunse zambiri, ndikukonza. Achimwene anu a ku Chelstone adzandiimirire, koma muwauze avale jekete ndipo asayambe nkhani zawo za mpira. Ndatumiza nsalu ya patebulo ndi makapu asanu ndi limodzi a galasi. Alendo amwere m'menemo. Chithunzi changa chija ndaima pa nyumba ya matailosi muchipachike pabalaza, poonekera, adziwe kuti bambo wa mwana ali kwina kwake.

Mwati kumwamba kwayamba kuda chakumadzulo ndipo akamvulumvulu akunyamula mapepala pabwalo la mpira. Ndi nyengo yake, chaka chili chonse zimatero. Mphepo ikakula mutseke mawindo, muzimitse mbaula, mukhale pakati pa nyumba kutali ndi magalasi. Zina zonse musiyire denga langa.

Mwamuna wanu,
Bwezani


Joni
21 Novembala 2023

Amake Becky,

Muli bwanji? Funso limeneli lero si la mwambo, ndiyankheni.

Basi ya Given yafika dzulo. Ndinapita kukalandira kalata yanu, iye anatsika chimanjamanja, osandiyang'ana kumaso. Anati, "Mudala, denga yanu yayenda. Yonse, na mitanda yake, monga chisote." Akuti zinachitika Loweruka lomwelo cha m'ma fili koloko masana, alendo ali pabalaza, timbale tangotulidwa kumene. Akuti kunada, kunabwera chimphepo cha fumbi, kenako anthu anangoona mitambo pamene panali malata. Akuti inu njerwa ya pamwamba pa khoma inakugwerani paphewa ndi pamutu pamene munkakankhira Becky pansi pa tebulo, ndipo a Reuben ndiwo anakutengerani kuchipatala pa galimoto yawo. Anakusokani kangati? Mkono ukugwira? Mukugona kuti? Given sakudziwa, iye amangodziwa za matayala a basi yake.

Ndakhala ndikuganiza amene walakwitsa. Wokhoma misomali uja munamutenga kuti? Ndinati munthu wa manja awiri, inu mwina munatenga chidakwa cha pa bala ya pakona. Wopaka penti nayenso anayenda padengapo ngati ng'ombe, ndani akudziwa chimene anathyola. Ndipo madzi a Virginia aja, akabwere aone ntchito yake. Mphepo ya chaka chino njachilendo, ngakhale madenga a mabwana a ku Roma ku Lusaka komweko iyenera kuti yawagwedeza, mufunse mumva.

Mwango asayerekeze kuseka. Akaseka mundiuze.

Ndatumiza pulasitiki yaikulu yakuda, ndi imene ndakwanitsa lero. Lembani, ngakhale mizere inayi yomwe ija.

Bwezani


Joni
3 Disembala 2023

Amake Becky,

Moni. Ndamva kwa Becky kuti anakusokani kasanu ndi kawiri ndipo mkono mwaukoleka pa nsalu. Ndamva kwa Becky kuti mukugona kwa Mwango, inu ndi mkazi wake chipinda chimodzi, iye pabalaza. Zonse ndikumva kwa Becky. Dzanja limene lavulala ndi lamanzere, ndafunsa, ndipo inu mumalemba ndi lamanja.

Mwanayo walemba masamba atatu, ndipo ndaona kuti pakamwa anatengera inu. Akuti denga linakatera lathunthu pabwalo la mpira, ndipo palibe msomali ngakhale umodzi umene unazuka, malata onse ali chigwirire ku mitanda. Ndiye wokhoma uja ndamuchotsa pa mlandu. Akuti kuseri kwa nyumba mphepo inagwetsa bafa ndi mpanda, chimene chatsala chiimire ndi waya woyanikapo zovala. Akuti m'mawa mwake a Reuben anabweranso, osati ndi suti koma ndi ovolosi, anasonkhanitsa anthu a mzere wonse, omwe aja otaya mapulasitiki m'ngalande, n'kunyamula dengalo pamapewa kubwera nalo pakhomo. Akuti anauza anthu kuti iwo anakulira ku Chawama m'nyumba ya miyala padenga, ndipo ntchito yawo ali mwana inali yokweza miyalayo Okutobala aliyense. Munthu wa ku Woodlands kumanyadira zimenezo pagulu, kaya ndiye ulemu wa masiku ano.

Kenako akuti anakwera pa makwerero, anayenda ndi dzanja pamwamba pa khoma kuzungulira nyumba yonse, n'kufunsa kuti, "Ba Mwango, apa sipanapitepo waya olo umozi womangila mitanda ku chipupa. Denga inangokhalapo chabe. Anamanga ndani?" Ndipo Mwango akuti anayankha kuti, "Tinamanga tili babili, boss. Tinaibala."

A Reuben, munthu wowerengera ndalama za kampani, akudziwa chiyani za waya? Ndipo Mwango ndani anamupempha kuti andiyankhire? Becky wamaliza kalata yake ndi funso, akuti, "Adadi, anthu awiri angaiwale bwanji chinthu chimodzi?" Mumuuze kuti mwana safunsa bambo ake ngati wapolisi.

Akuti ukwati ulipobe, timbale anatitola m'matope n'kutitsuka. Chabwino. Akutinso chithunzi changa cha pabalaza chinanyowa, ndipo inu munati chisayanikidwe.

Chifuwa chabwereranso. Lembani.

Bwezani


Tembisa
17 Disembala 2023

Imelda,

Muli bwanji? Mutu ukupola? Ine sindili bwino, ndipo si chifuwa.

Mabasi awiri afika opanda kalata yanu. Given tsopano akandiona amayamba kupukuta galasi la basi. Ndamva, mwanena mokwanira.

Taonani pamwamba pa pepalali. Kumeneko ndiko ndimakhala, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi. Ku Kempton Park ndimangopitako kukakwera pa madenga a eni ake. Nyumba ya matailosi ya pachithunzi ija ndi ya dokotala wina wa mano, ndinapempha mlonda kuti andijambule mwini wake atachoka. Ine ndimagona m'kachisakasa ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wogulitsa mowa, kotalika masitepe atatu. Padenga pake pali matayala anayi, mabuloko asanu ndi chitseko cha firiji. Ndinakweza ndekha. Lachitatu lapitali kuno kunadutsa chimphepo chimene chinasasula madenga m'misewu iwiri, kanga sikanasunthe. Ndinakhala m'katimo pa chidebe, ndikumvera malata akulimbana ndi miyala, ndipo ndinaseka mpaka mayi wa mowa anabwera kudzafunsa ngati ndapenga.

Mwango ananama. Sanaiwale, ndipo sitinali awiri. Chaka chimene tinkamanga, iye anandiuza katatu kuti tipise waya m'khoma tisanathire simenti ya pamwamba, kuti tidzamangire mitanda. Waya ndinali nditagula. Koma mvula inali pafupi, mwini nyumba ya lendi ankatitulutsa, ndipo choposa zonse amene ankandiuzayo anali wonyamula matope, ine ndili mmisiri. Ndinamuuza kuti denga langa limagwira ndi kulemera kwake, iye asamale za fosholo. Titamaliza ndinaona kuti wanena zoona, koma kuswa khoma kukanakhala kuvomera. Ndinakuuzani kuti zonse ndamanga. Pamene munalemba kuti denga likupuma ndinadziwa chimene mukunena, ine ndinalimva likupuma chaka choyamba chomwe, inu muli m'tulo ndi mwana.

Ndiye munthu amene ndakhala ndikumutukwana m'makalata onsewa wakhala akukwera padenga langa zaka zonsezi kubisa manyazi anga ndi mabuloko ake, ndipo tsiku limene akanandivula pamaso pa a Reuben anasenzako theka la mlandu. Ndikanakonda akanaseka. Ndaseka Mwango, ndaseka Virginia, ndaseka a ku Woodlands ndi a mzere wathu, ndaseka inu pamaso pa anthu a kuntchito. Chitsiru chinali chimodzi chokha pa nkhani yonseyi, ndipo chinali ndi hamala. Mabala asanu ndi awiri ali pamutu panuwo ndinasoka ndine. Ndikuchita manyazi, Imelda, ndipo ndikupepesa.

Kalatayi muwerengere Becky, ndi yankho la funso lake. Mukafuna muitsegulenso pakhonde, mzere wonse umve.

Ndikwera basi ya Given ya pa 22. Pachipata adzandidinda chidindo choti ndisabwererenso kuno zaka zingapo, adinde. Ndikubwera ndi chikwama chimodzi ndi chifuwa, musayembekezere za ku Joni. Ngati simundifuna m'nyumba, ndidzagona pabalaza pa Mwango, ngati iye angandilole.

Becky akuti a Reuben akufuna kugula waya watsopano kuti denga libwerere Khirisimasi isanafike. Muwathokoze, koma asagule. Waya wa denga limenelo ulipo, wokwanira nyumba yonse, sunachite dzimbiri. Uli kuseri, mwakhala mukuyanikapo zovala zaka khumi ndi ziwiri. Muumasule mupatse Mwango, ndipo mumuuze kuti matope ndidzanyamula ndine.

Bwezani